Foni ilibe maso

Anzanga a m'gulu lino, tayesani ichi musanapitirire. Ikani chala pakhosi pamene pali kholingo, ndiye mumeze malovu. Mwamva likukwera kenako n'kutsika? Ineyo ndatha zaka ziwiri ndikuphunzira kulisunga m'mwamba pang'ono, mosalikakamiza, kwinaku ndikulankhula.

Ndinabadwa ndi thupi lachimuna, koma ndimakhala monga mkazi, ndipo ndi mmene ndakhala ndikudzidziwira kuyambira ndili wamng'ono. Ena mwakwinya kale nkhope, ndikudziwa. Za mkangano tisiye kaye, lero ndingokuuzani za mawu.

Kuno ku Manchester ndimasamalira okalamba. Tikakumana maso ndi maso, anthu amandiitana bwinobwino. Koma foni ilibe maso. Ukangoti halo, winayo wagamula kale kuti akulankhula ndi bambo.

Mankhwala a mahomoni achikazi amasintha zambiri m'thupi, koma mawu sawakweza. Mnyamata akatha msinkhu, timinofu tiwiri ta m'kholingo timatalika n'kukhuthala, ndipo sitibwereranso. Polankhula, timinofuti timanjenjemera maulendo pafupifupi 85 mpaka 180 pa sekondi mwa amuna ambiri, pomwe mwa akazi ndi 165 mpaka 255. Nditamva zimenezi ndinati basi nkhani ndi manambala. Ndinaika pulogalamu yoyeza mawu pafoni, n'kumalimbana kuti ndifike 200. Ndinafikadi, koma ndinkamveka ngati Mickey Mouse, ndipo pofika madzulo mawu anali atasasa.

Katswiri wa kalankhulidwe amene ndinapitako ndiye anandiwongolera. Zimene anandifotokozera zinandikumbutsa botolo la Fanta lomwe tinkaliuzira pakamwa tili ana. Likakhala lopanda kanthu limalira besi, ukathiramo madzi limalira mopyapyala. Mpweya ndi womwewo, chasintha ndi malo amene ukulilira. N'chimodzimodzi ndi munthu: njira yochoka pakholingo kufika pamilomo imakhala yotalikirapo mwa amuna, ndipo khutu limamva kukula kwa malowo, osati kukwera kwa mawu kokha. Ndiye ntchito yagona pochepetsa botololo. Kholingo likwere pang'ono, lilime libwere kutsogolo, milomo isatulukire kunja.

Mukanandiona m'mawa mukanaseka. Ndimang'ung'udza "mmm" mpaka milomo ndi mphuno ziyambe kunyerenyetsa. Ndimaimba kudzera m'kapaipi komwera zakumwa nditakaviika m'kapu ya madzi, thovu lili bwatabwata. Kenako ndimakweza ndi kutsitsa mawu ngati ambulansi. Mphindi 10 zokha, katatu patsiku, madzi akumwa ali pambali. Pakhosi pakayamba kuwawa ndiye kuti walakwitsa, siya.

Chaka chitatha, pa Chingerezi zinayamba kuyenda. Koma zonsezi ndinaphunzira m'Chingerezi, ndipo ndikangotsegula pakamwa m'Chichewa mawu akale aja ankabwerera okha, ngati galu wodziwa kwawo. Chichewa chathu chimakwera ndi kutsika ndithu. Tanenani mtengo wa mango womwe uli pabwalo, kenako mtengo wa shuga kugolosale. Mwaona kuti pena mawu ayenera kutsika? Ine ndikatsika ndinkagwera m'chifuwa. Ndinayambanso poyambirira: "Mwadzuka bwanji?" maulendo makumi angapo, ndili ndekha kukhitchini.

Chomwe ndinkaopa kwenikweni ndi Lamlungu, tsiku loimbira amayi pa WhatsApp. Za ine amadziwa, koma sitizikamba. Kwa miyezi yambiri ndinkati ndikaona dzina lawo pafoni, ndinkatsitsa dala kholingo n'kuwapatsa mawu a mwana amene anamulera. Ndinkati ndikuwalemekeza. Koma ndikadula foni ndinkakhala ngati ndawanamiza.

Mwezi watha ndinalimba mtima.

"Mwaswera bwanji amayi?"

Anakhala chete. Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo.

"Iwe, wadwala chimfine?"

"Ayi amayi, ndili bwino."

Chete wina. Kenako anati, "Ukumveka ngati malemu azakhali ako." Ndipo anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza.

Sindikunamizeni kuti zonse zatha. Amandiitanabe dzina lakale, ndipo ndikatopa kapena ndikapsa mtima besi uja amatuluka. Koma tinacheza mphindi 40 tsiku limenelo, ndipo kholingo silinatsike. Lamlungu likubwerali ndiwaimbiranso.