Malume ankasankha galimoto atagona chagada

Ife amene tinakula pomwe Ulongwe inkatchedwa Vila Coutinho tinkadziwa magalimoto a m'dera lino pongomva kulira kwake. Anali ochepa: a boma, a ansembe a ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, ndi a eni masitolo. Imene inkatikopa mtima inali Land Rover, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala dothi lofiira la ku Angónia limasanduka phala, ndipo inali yokhayo yolimba mtima kutuluka m'tauni. Malume anga ankayendetsa imodzi, ya wamalonda wina amene ankagula nyemba, chimanga ndi mbatatesi m'midzi, ndipo ine ndinali mnyamata wawo wonyamula jeke ndi khasu.

Land Rover yoyamba inatuluka ku Britain mu 1948, ndipo zimene zinkafika kuno zinali zosanyada. Thupi lake linali la aluminiyamu, losachita dzimbiri, ndipo pambali pa giya panali tizitsulo tiwiri. Ukakanikiza ka mutu wachikasu, mawilo onse anayi ankakoka. Ukakokera kumbuyo ka mutu wofiira, galimoto inkasiya changu n'kumakwera phiri mwapang'onopang'ono, ili ndi mphamvu zodabwitsa. Malume sankalola kuti ndigwire kofiirako tisanatsike n'kuyenda pamalo oipawo ndi mapazi. "Mphwanga," ankatero, "dambo umayamba waliponda wekha, galimoto ibwere pambuyo."

Maulendo amene ndimawakumbukira kwambiri ndi a ku Tsangano ndi a m'tsinde mwa phiri la Domwe, lomwe ndi lalitali mamita oposa 2,000. Dzuwa likatilowera kutali, tinkamanga lona kuchokera padenga la galimoto kukafika pamtengo, n'kukoleza moto. Chisanu cha mu Juni kumapiri kuno sichiseka ndi munthu. M'mawa udzu unkayera, zala n'kumakana kupinda. Tinkakwirira mbatatesi m'phulusa, tiyi akuwira m'chitini, malume akusimba za misewu ya kutali. Asanagone ankaonetsetsa kuti galimoto yaima potsetsereka, mwala uli kutayala, kuti batire ikafooka ndi kuzizira tingoikankha pang'ono ilire. Kunja kukacha ankayang'ana oilo ndi madzi asanasukusule n'komwe.

Nkhondo itafika m'zaka za m'ma 1980, misewu inafa, ambiri a ife n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera mu 1993 ndi 1994, ndipo tinapeza kuti nyengo yasintha. Patsogolo pa malole otibweretsa pankayenda ma Land Cruiser oyera a UNHCR ndi a mabungwe ena, okhala ndi mabenchi awiri aatali oyang'anizana kumbuyo. Ambiri anali ndi injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990. Injiniyo siithamanga, koma siidandaula, ndipo makaniko wokhala ndi masipanala ochepa pansi pa mtengo amaimvetsa. Mabungwe atamaliza ntchito, ena mwa magalimotowo anagulitsidwa, ndipo alimi ndi amalonda a kuno anayamba kukhala ndi awo.

Apo m'pamene anthu anayamba kubwera kwa malume, amene tsopano anali atakalamba, kuti akawaonere galimoto asanapereke ndalama. Mwini galimoto ankakonda kuonetsa penti ndi wailesi. Malume ankangoyala thumba pansi, n'kugona chagada, n'kulowa kunsi. Ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankagogoda chasisi ndi sipanala kufuna pamene pawola kapena pamene anawotcherera pambuyo pa ngozi. Ankagwedeza masipuring'i, n'kupisa chala pa difu ndi pa giyabokosi kuona ngati oilo akudontha. Akatuluka ankapempha kuti injini ailize ili yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa matenda. Utsi wabuluu unkawauza kuti injini ikudya oilo, ndipo phala lotuwa kunsi kwa chitsekero cha oilo linkawauza kuti madzi alowa kumene sayenera kulowa. Nambala ya makilomita sankaikhulupirira yokha. Ankaiyerekeza ndi kuperepeseka kwa mapedulo ndi chiwongolero. Pomaliza ankapita nayo pamsewu wafumbi n'kuyesa magiya onse a mawilo anayi, pakuti alipo magalimoto amene zitsulo zimenezo zinauma chifukwa chongoyenda pa tala.

Lero magalimoto ambiri okhalapo kale amachokera ku Japan, kudzera ku madoko monga Durban, Beira ndi Dar es Salaam. Amatiyenera chifukwa ku Japan, monga kuno ku Mozambique ndi ku Malawi, amayendetsa kumanzere kwa msewu. Adzukulu athu amaona Prado, Pajero, Hilux ndi Surf pa foni n'kusankha ali pakhonde. Mtima wanga umakondwa ndikaona mwana wa mlimi akutsika m'galimoto yakeyake. Koma mafunso a malume sanakalambe. Galimoto yochokera kumadera a chipale chofewa, kumene amathira mchere mumsewu, imatha kuwala pamwamba kunsi itadyeka. Lamba wa timing amene wadutsa makilomita 100,000 osadziwika mbiri yake ndi bwino kumusintha tsiku lomwelo. Radiyeta nayo imafuna diso, chifukwa ulendo wochokera ku Tete, makilomita oposa 200, umayambira m'chigwa chotentha cha Zambezi, kudutsa Moatize ndi Mussacama, n'kumangokwera. Galimoto yofooka madzi imaulula pamtunda umenewo. Mapepala nawonso, livrete (kabuku ka galimoto) ndi umboni woti msonkho wa kasitomu unalipidwa, ayenera kugwirizana ndi nambala yodindidwa pachasisi.

Funso limene malume ankalikonda koposa linali la sipeya. Ankafunsa kuti chitsulo chikathyoka lero, chipezeka pa msika wa Ulongwe, ku Dedza, ku Lilongwe, kapena tidikira mwezi? Galimoto yodzaza makompyuta imakoma kukwera, koma ikadwalira kuseri kwa Domwe imafuna makina oipimira amene ali kutali. Ankafunsanso munthu za moyo wake weniweni. Mphunzitsi amene masiku onse amayenda pa tala, n'kumapita kumudzi pa tchuthi pokha, ankamulangiza galimoto yaing'ono yokwera msinkhu, yosamwa mafuta kwambiri. Wogula mbewu m'midzi ankamulangiza ya chasisi, ya dizilo, ya matayala olimba m'mbali ndiponso a saizi yopezeka paliponse. Ndipo aliyense ankamuuza kuti asathere ndalama zonse pogula, asiyeko za matayala, mabuleki ndi oilo, poti galimoto yokhalapo kale imabwera ndi ngongole za mwini wake woyamba.

Chimene chinkawapatsa khama lonselo ndinachimvetsa nditakula. Kwathu kuno galimoto siikhala ya mwini yekha. Usiku wa mvula mayi woyembekezera akavutika, anthu amakagogoda pakhomo pamene pali galimoto. Maliro akagwa, bokosi limakwera momwemo. Pa ukwati, pa msonkhano wa mpingo, pa tsiku lokatenga feteleza, mipando imadzaza ndi anthu amene sanasonkhepo ngakhale metikali imodzi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Malume ankadziwa kuti akavomereza galimoto yowola kunsi, aika pangozi mudzi wonse.

Choncho inu ana athu amene mwasunga ndalama za mbatatesi ndi za fodya, gulani ndithu, dziko lino likufuna magalimoto olimba. Koma tengani makaniko amene mumamukhulupirira, mumulipire tsiku lake, ndipo nonse awiri mulowe kunsi musanawerenge ndalama. Sankhani imene idzalira pakati pa usiku mu Febuluwale, matope ali m'maondo, mnansi wanu akadzabwera kudzapempha thandizo.