Tsiku Limene Altezza Yanga Inagwada pa Kabwata

Motoka yanga inasankha kugwada pamaso pa anthu onse a ku chechi. Inali Sondo, kuma 12 hours, ninali kuchoka na amai ku mapemphelo kwathu ku Kabwata. Tinakwela hampu pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Ninangomva "phwa!" kutsogolo kumanzele. Motoka inapendeka, tayala inapindikila mkati monga mwendo wa mkamwini pamaso pa apongozi.

Amai sanakuwe. Anatsegula chitseko, anamanga bwino chitenge, anatenga Baibo yawo, basi n'kuniyang'ana.

"Iwe mwana, sembe tenze pa Great East, sembe manje anthu aphika nsima ya pa malilo."

Anayenda na mendo mpaka kunyumba. Ine ninatsala pa mseu na suti yanga, tuana twa m'komboni tunizungulila.

Chimene chinathyoka ni kachitsulo kochepa, kokwana m'manja, kamene amakanika amati ball joint ya pansi. Ndiye kamagwila wilo ya kutsogolo kuti izikhota koma isachoke pamalo pake. Pa Altezza kamanyamula kulema kwa motoka, ndiye chifukwa kakasila sikapempha chilolezo, wilo imangogona. Ninakagula miyezi itatu kumbuyoku mu tauni, pa mtengo umene unanikondweletsa maningi. Ndalama imene ninapulumutsa tsiku lija ninagulila ma LED a buluu a pansi pa bodi. Lekani kuseka, ena mwa imwe munachitapo.

Kwa amene simuidziwa bwino, Toyota inapanga Altezza kuchoka mu 1998 kufika mu 2005, ndipo ku Ulaya anali kuigulitsa na dzina la Lexus IS200. Itangotuluka inapata mphoto ya motoka yopambana ya chaka ku Japan. Zilipo za mitundu iwili zimene timaona maningi pa mseu: AS200 ya injini ya 1G-FE ya masilinda 6, na RS200 ya injini ya 3S-GE, imene ya magiya a manja imafika mahosipawa 210. Imakankha na mawilo a kumbuyo, ndiye chifukwa anyamata amaikonda pozungulutsa. Koma welengani zaka. Altezza yaing'ono pa zonse inabadwa mu 2005. Yanga ni ya 2001. Inatsika sitima ku Dar es Salaam, inaloŵela pa Nakonde, inayenda makilomita pafupifupi 1,000 kufika mu Lusaka, ndipo inadutsa m'manja mwa anthu atatu ikalibe kufika kwa ine. Nimaitcha bebi, koma kukamba zoona ni nkhalamba yovala jini.

Pa Mande kuseni ninaisiya pa njelwa kuseli kwa mafulati, ninakwela minibasi pa Burma Road kukasakila speya. Tinapitilila pa Kabwata Cultural Village, paja pali tunyumba twa udzu tozungulila tumene atsamunda anamangila anchito achikuda, manje m'mogulitsila zosemasema. Masiku onse nimapita pamenepo na nyimbo pamwamba, siniona chilichonse. Tsiku ili ninaona zonse, chifukwa ninakhala pa mpando wa kumbuyo, saka ya makala pa mendo. Kondakita ananizindikila.

"Ah, ba Altezza! Lelo muli na ise? Fendelani uko bakamba, tikhala folofolo."

Mu tauni ninatsikila pafupi na Kafue Roundabout, Findeco House ili njo pamwamba panga. Cairo Road ni ya mabanki na anthu a matayi. Nkhani ya maspeya imayamba ukaloŵa kumadzulo, mu Cha Cha Cha, Freedom Way mpaka ku Lumumba Road. Kumeneko fungo ni ya oilo, labala na chimanga chootcha. Ukangotulutsa chitsulo chakutha m'pulasitiki, anyamata atatu afika kale. Alibe shopu, alibe sheluvu, koma adziwa shopu iliyonse, ndipo pa mtengo amaikapo yawo.

Mu shopu yoyamba, mnyamata wa pa kaunta sananifunse kuti motoka ni ya chaka chanji. Anafunsa funso imodzi chabe, imene ni funso ya tauni yonse: "Mufuna ya zingati, ba boss?"

Anaika tumabokosi tutatu pa kaunta. Koyamba kanali kofiila na koyela, kolembedwa Toyota, mtengo wake wochepa kupambana lanchi ya anthu awili. Kachiwili kanalembedwa 555. Kachitatu kanalibe dzina iliyonse. Kunja, wina ananionetsa ya kale yochotsa ku motoka yodula pakati, ija amati ex-Japan, girisi yakuda ikali pomwepo. Zonse anali kuzitcha "orijino". Mu Lusaka liwu limeneli lasila mphamvu, lili monga "nili pafupi" ya munthu amene akalibe kusamba.

Sininagule. Kachitsulo kaja kananyengapo kale kamodzi. Ninayenda ku siteshoni kukakwela basi ya ku Chelstone, kuli ba mudala amene anali kukonza motoka ya malemu atate.

Great East Road ni mseu umene mwini sports car aliyense amalota. Ukachoka pa Kabwe Roundabout, upita Manda Hill, ukwela fulayova ya pa Arcades, UNZA ili ku dzanja lamanja, ukwelanso ya pa Munali, tala ili see. Apa m'pamene phazi imayabwa. Nili m'basi ninaŵelenga m'mutu maulendo onse amene ninathamangapo usiku pochoka ku mashoo, ball joint ija ili pansi panga, anzanga atatu kumbuyo aimba. Mala ananiwawa.

Thanki ya madzi ya pa Chelstone ikaonekela, ndiye kuti wafika. Galaji ya ba mudala ni mtengo wa mango, jeke iwili na bokosi ya masipanala yokiya na loko yaikulu. Anatenga chitsulo changa chothyoka, anachizungulutsa pa zala, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ichi si speya, ni chidoli. Ona labala yake. Inang'ambika pa mwezi umodzi, girisi inachoka, fumbi na madzi vinangena. Motoka siinakuuze?"

Inaniuza. Inali kugogoda pa mahampu, inali kulila "kwii" nikakhota. Ine ninali kukweza voliyumu.

Ananikhazika pa tayala yakale n'kuniphunzitsa zimene nifuna na imwe mumve. Maspeya ali mitundu inayi, osati iwili. Yoyamba ni yeniyeni ya kwa dila, m'bokosi ya kampani imene inapanga motoka. Yachiwili ni ya makampani odziwika amene amapanga maspeya, ndipo ena mwa iwo ndiwo amapangila Toyota yemweyo: Denso amapanga mapulagi na zamagetsi, Aisin mapampu a madzi na makilachi, KYB mashoko, NGK mapulagi, 555 ma ball joint na ma tie rod. Izi si zabodza, ni zabwino, ndipo mtengo umatsikako. Yachitatu ni ex-Japan, yeniyeni koma yosewenza kale. Yachinayi ni gong'a, yovala bokosi ya eni ake. Vuto ni yakuti gong'a amakopela maina amene anthu akhulupilila, ndiye dzina pa bokosi payokha siikupulumutsa.

"Manje nizadziwa bwanji, ba mudala?"

"Yamba na mtengo. Chinthu cha Toyota sichingachipe kupambana cha kampani ina. Nyamula nambala ya chasisi, funsa nambala ya speya, osati 'ya Altezza' chabe. Gula mu shopu imene ipatsa lisiti, imene uzaipeza pamene paja mailo. Ndipo osatuma makanika na ndalama m'manja kuti akagule yekha. Na ine wamene osanituma."

Lamulo lawo ni lapafupi. Chimene chiimitsa motoka, chimene chiikhotetsa na chimene chigwila wilo, osachipitsa: mabuleki, ball joint, tie rod, matayala. Pamenepo ex-Japan nayo ni njuga, chifukwa sudziwa makilomita amene inayenda. Onjezapo timing belt, imene ifunika kusintha pa makilomita pafupifupi 100,000, chifukwa ikaduka injini ili pa liwilo ingapinde mavavu. Fyuluta ya oilo nayo gula yabwino, ni yochipa kale. Koma chitseko, galasi, nyale, bampa, mpando, apo ex-Japan ni mfumu, ndipo nthawi zambili imapambana yatsopano yochipa.

"Iwe unachita mopindamuka," anatelo ba mudala. "Unagula orijino ya maso a anthu, gong'a ya moyo wako."

Kuchoka pa Chelstone ninadutsila ku Kalingalinga, kuja mageti na mabedi owochelela amayala m'mbali mwa mseu, n'kukafika ku Woodlands. Mnzanga wina wa Subaru Impreza amathela masana pa kaa woshi ina kufupi na Woodlands Stadium, bwalo la City of Lusaka. Pa Chiwelu pamakhala monga shoo: Altezza, Mark X, Subaru, BMW zakale, mabonet ali mwamba, aliyense afotokoza za ekizozi yake. Anyamata a Subaru amayenda na mbili ya rally pa phewa. Amakukumbutsa kuti Zambia inatulutsa Satwant Singh, amene anatenga ukatswili wa Africa maulendo 8, monga kuti anali amalume awo.

Pa Mande panali zii. Impreza ya mnzanga inali pa kona, fumbi pa galasi, wina analembapo na chala kuti "nisambikeni". Yakhala miyezi iwili. Anaitsitsa pansi na masipuling'i odula na gilainda kuti izioneka yaukali, ndiye hampu ina inamenya pansi pa injini, oilo inatayika, iye osaona nyale yofiila chifukwa anali pa foni. Manje afuna injini.

"Boyi, ma rim yanga yadula kuchila lendi ya miyezi itatu," anatelo, aseka koma maso osaseka. "Manje niyenda na Yango."

Apa m'pamene tambili timagwela. Motoka izi anazipangila miseu ya ku Japan. Ife tili na mahampu aatali monga mizele ya kandolo, maenje amene amabisala m'madzi mvula ikagwa mu January, na fumbi ya mu September. Ukaitsitsa, ukaika matayala opyapyala, chilichonse cha pansi chimasila msanga. Ikapo petulo, imene kuyambila mu 2022 a ERB anayamba kuunika mtengo wake mwezi na mwezi, ikapo road tax, fitness na inshuwalansi. Kugula motoka ni chimalo chabe. Ukwati weniweni uyamba pambuyo.

Malo omaliza anali Kabulonga, kwa mipanda itali, mitengo ya jakaranda na alonda pa geti. Amalume a mnzanga wa ku koleji ali na Lexus IS200, mapasa a motoka yanga, ndipo ba mudala anati nikaone mmene motoka ya zaka izi ifunika kumvekela. Ninayembekezela kuona ma rim onyezimila. Ninapeza motoka wamba, utali wake wa ku fakitale, yopanda sitika olo imodzi. Anailiza. Injini inali kung'ung'udza chabe monga pusi wokhuta. Ndiye anatsegula kabati ya kutsogolo n'kutulutsa kabuku ka sukulu. Deti, makilomita, chimene anasintha, kumene anagula, lisiti yomata na selotepi.

"Mufana wanga, anthu aganiza kuti ise a kuno tili na ndalama zotaya. Ine nimagula chinthu kamodzi. Iwe ugula katatu, na buleki dauni pamwamba. Wolemela ni ndani pa ise awili?"

Ananipatsa nambala ya speya n'kuniuza kuti nifunse kwa dila poyamba, nidziwe mtengo weniweni, kuti wa mu tauni asaninamize. Ninatelo. Mtengo wa yeniyeni unali pafupifupi kanayi pa uja wa chidoli changa. Koma nitaphatikiza buleki dauni, fenda yopindika, tayala yong'ambika na alainimenti, chidoli chija chinanidyela ndalama yopitilila ma ball joint awili enieni. Ninagula awili, kumanzele na kumanja, chifukwa ikasila imodzi inzake ili m'njila. Kuti ndalama ikwane ninagulitsa sabuufa na ma LED aja. Amene anagula ni mnyamata wa Altezza. Ninamuuza kuti ayang'anitse pansi pa motoka yake, anati ilibe vuto, igogoda chabe pang'ono.

Ba mudala anabwela okha ku Kabwata pa Chitatu na bokosi yawo ya masipanala. Manje motoka iyenda, ilibe nyimbo zogwedeza mawindo a anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba nimamva zimene ikamba. Mu kabati muli kabuku ka masamba 40, tsamba loyamba lalembedwa kale.

Sondo yapita ninaimika pa geti ya chechi, ninatsegula chitseko cha kutsogolo. Amai anayang'ana tayala, anayang'ana ine.

"Wakonza na vazoona, olo na vija vako?"

Ninawaonetsa lisiti. Anavala magalasi, anaiŵelenga yonse mpaka pa sitampa, ndiye anangena. Koma lamba anamanga tikalibe kuliza injini, ndipo Baibo anaigwila na manja awili mpaka pa nyumba.