Nkhokwe ya Nyama ku Maputo

Munthu wa ku Ulongue, ku Tsangano kapena ku Furancungo akafika ku Maputo koyamba, maso ake amathamangira nyumba zosanja ndi madzi a m'nyanja. Koma mumzindamo muli nkhokwe ina imene alendo ambiri amangoidutsa. Simusungidwa chimanga ayi. Mumasungidwa njovu, mikango, mbalame, njoka, nsomba ndi agulugufe, zonse zakufa kalekale.

Nkhokwe imeneyi ndi Museu de História Natural. Ili pabwalo lotchedwa Praça Travessia do Zambeze, dzina limene munthu wa ku Tete salimva chilendo. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1913, ndipo inalowa m'nyumba imene ilimo lero m'chaka cha 1933. Nthawi ya atsamunda inkadziwika ndi dzina la Álvaro de Castro. Tsopano ili m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane.

Chimene chinatchukitsa nyumbayi ndi ana a njovu osabadwa, amene anachotsedwa m'mimba mwa njovu zophedwa nthawi ya atsamunda. Amayambira kakang'onong'ono mpaka wamkulu amene anali pafupi kubadwa. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo pamenepa munthu amaona ndi maso ake mmene mwana amakulira m'mimba. Lero njovu ndi zotetezedwa ndi lamulo, choncho anawa akaonongeka palibe kokatenga ena.

Nyumba yomweyi ndi imene inalandira nsomba yodabwitsa yotchedwa coelacanth, yogwidwa m'nyanja kufupi ndi Pebane, ku Zambézia, m'chaka cha 1991. Akatswiri ankayesa kuti mtundu wa nsombazi unatha kalekale, mpaka ina itagwidwa ku South Africa m'chaka cha 1938. Ya ku Pebane inali yaikazi, yolemera makilogalamu 98, ndipo m'mimba mwake munapezeka ana 26.

Nanga chinthu chakufa chimakhala bwanji zaka zonsezi osaola? Mlimi aliyense amene anatsegulapo nkhokwe n'kupeza anankafumbwe atamaliza ntchito yawo sangavutike kumvetsa. Adani a nyumba zotere kulikonse ndi omwewo: tizilombo, chinyezi, kuwala ndi moto.

Mkango umene mlendo amauona utaima si mkango wathunthu. Ndi chikopa chofufutidwa bwino, chovekedwa pathupi lochita kuumba, ndipo maso ake ndi agalasi. Chikopa, ubweya ndi nthenga ndi ndiwo za njenjete ndi mphutsi za tizikumbu. Akale ankapaka zikopa mankhwala a poizoni kuti tizilombo tisayandikire, n'chifukwa chake nyama zakalezi si zogwiragwira ndi manja. Masiku ano chinthu chogwidwa ndi tizilombo amachikulunga m'pulasitiki n'kuchiika mufiriji yozizira madigiri 20 kutsika pa ziro kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kuti tife pamodzi ndi mazira ake.

Njoka, achule ndi nsomba zili ndi kasungidwe kena. Amayamba kuzilimbitsa ndi mankhwala otchedwa formalin, kenaka n'kuzimiza m'mabotolo a sipiriti waukali woposa kachasu. Sipiriti amauluka pang'onopang'ono ngakhale botolo litatsekedwa. Wosamalira akaiwala kuthiramo wina, njoka imene inakhala bwino zaka 80 imauma n'kusanduka chikwatu. Agulugufe ndi ziwala amazibaya ndi tisingano n'kuzitsekera m'madilowa osalowa mphepo, kumdima, pakuti dzuwa limafwifwitsa mapiko monga limachitira ndi chitenje choyanikidwa nthawi yaitali. Mumzinda wa m'mbali mwa nyanja ngati Maputo, chinyezi nachonso sichigona: chimabweretsa nkhungu pazikopa ndi dzimbiri patisingano.

Komatu chuma chenicheni cha nkhokwe yotere si mano a mkango. Ndi kapepala kakang'ono komangidwa kumwendo wa mbalame kapena komizidwa m'botolo. Pamenepo pamalembedwa malo amene chinthucho chinapezeka, tsiku lake ndi dzina la amene anachitola. Kapepalako kakatayika, mbalameyo yasanduka chidole chabe. Kakakhalapo, mbalameyo ndi mboni yonena kuti m'nkhalango yakuti, chaka chakuti, munali zamoyo zamtundu wakuti.

Umboni wotere dziko la Mozambique likuufuna kwambiri. Pankhondo ya 1977 mpaka 1992, nkhalango ya Gorongosa inataya nyama zikuluzikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse. M'madera a m'malire namonso agogo amasimba za nyama zimene adzukulu awo sanazionepo, chifukwa tchire linasanduka minda ndi makala. Wofuna kubwezeretsa nkhalango ayenera kudziwa chimene chinalimo kale, ndipo pamene okalamba atha, otsala kuyankha ndi mabotolo ndi timapepala tija. N'chifukwa chake ku Gorongosa, m'chaka cha 2014, anatsegula nyumba ya kafukufuku ya dzina la E.O. Wilson, kumene achinyamata a dziko lino amaphunzira kutola, kulemba ndi kusunga zamoyo za m'nkhalangoyo.

Zimene zinachitika ku Brazil ndi chenjezo. Usiku wa pa 2 September 2018, moto unagwira Museu Nacional ya ku Rio de Janeiro, imene inali ndi zinthu pafupifupi 20 miliyoni zosonkhanitsidwa kwa zaka 200. Kutacha, zochuluka zinali phulusa. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Tsono mphunzitsi kapena mlimi wa kumalire amene ulendo udzamufikitse ku Maputo, asadzabwerere atangoona msika ndi nyanja. Adzapite ndi mwana wake pabwalo la Travessia do Zambeze. Akadzatha kudabwa ndi ana a njovu aja, adzawerame pang'ono n'kuwerenga kapepala kali pambalipo. Mwina adzapezapo dzina la dera lakwawo.