Chimbale Chopanda Kalata

Phukusi lidafika ku Zomba mu Epulo 2008, patangotha masabata asanu ndi limodzi chiikire maliro a mayi awo. Adabwera nalo ndi namwino wina amene adali patchuthi kuchokera ku Britain. Mphunzitsiyo adang'amba envulopu ali ndi chiyembekezo choti apezamo kalata ya chipepeso, kapena kangachepe kobwezera ngongole ya bokosi, koma mudali chimbale chimodzi chokha cha CD. Pachikuto pake padali chithunzi chotuwa cha munthu atakhala chozolika, kapu ili patsogolo pake. Woyimba adangodzitcha Burial, chimbalecho Untrue. Munthu wodziwa Chingerezi ngati iye sakadalephera kumva kuti dzina loyambalo likutanthauza kuika maliro. Adachiponya m'kabati, pansi pa mapepala a mayeso, nati mumtima mwake mwanayu wafika pomuseka.

Mng'ono wakeyo adapita ku London mu 2004, nthawi imene Mmalawi ankatsika ndege ku Heathrow wopanda visa. Mu 2006 boma la Britain lidatseka khomo limenelo, ndipo iye, poti masiku ake ololedwa kukhalako adali atatha kale, adadziwa kuti akangotuluka sadzalowanso. Ankagwira ntchito usiku panyumba yosamalira okalamba, kusambitsa makolo a eni ake pamene mayi ake omubala ankadwala kwawo ku Jali. Za maliro adamvera pafoni. Mkuluyo adayendetsa zonse yekha, paja mutu ukakula sulewa nkhonya, koma chakukhosi adasunga.

Sikadali koyamba kulandira zimbale. Chipitireni, mnyamatayo ankatumiza chilichonse chimene chamugwira mtima, ndi kapepala kolembedwa mofulumira: "Achimwene, yambani ndi nyimbo yachitatu." Padabwera Discovery ya Daft Punk, anyamata awiri a ku France ovala zipewa za maloboti. Padabwera Congotronics ya Konono No.1 a ku Kinshasa, amene ankakuza mawu a kalimba wawo ndi zokuzira mawu zodzipangira kuchokera ku zitsulo za magalimoto akutha. Achi Congo adawalandira, poti ankamva zala za anthu pazitsulo. Achi France adawakana. Iye adakula ndi gitala ya Daniel Kachamba, ndi Robert Fumulani, ndi Alleluya Band ya ku Balaka, ndipo Loweruka lililonse ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi. Chikhulupiriro chake chidali chakuti nyimbo imatuluka m'thukuta, ndipo chimene chatuluka m'kompyuta ndi katundu wa m'fakitale, ngati sopo.

Chimbale chopanda kapepala chija chidagona m'kabati miyezi itatu. Usiku wina wa mu Julayi, chiperoni chikuwaza pamalata, magetsi adazima iye ali pakati pochonga mapepala. Adasowa chochita. Pofunafuna kandulo dzanja lake lidakhudza chikuto chija, ndipo, mwina chifukwa cha ukali umene umafuna umboni, adachiika m'wayilesi ya mabatire.

Choyamba kumva kudali kuthetheka, ngati nkhuni zonyowa zikukana moto. Kenaka ng'oma, koma ng'oma zotsimphina, zofika mochedwa pang'ono pamalo pamene khutu la mphunzitsi wa kwaya likuziyembekeza. Pamwamba pake padali mawu a anthu, odulidwadulidwa, ena okwezedwa mpaka osadziwika ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi, kubwereza kachiganizo kamodzi ngati munthu amene akuyeserera zoti akanene koma osafika pokanena. Panalibe poti munthu n'kuvinira ndi mtima wonse, ngakhale zipangizo zonse zidali za nyimbo zovina. Zinkamveka ngati dansi imene ikuchitikira m'nyumba ina, iwe uli panja pamvula. Chapakati padali kanyimbo ka mphindi ziwiri kopanda ng'oma, kotchedwa In McDonalds, ndipo apo m'pamene mphunzitsiyo adaleka kufunafuna kandulo. Adamuona mng'ono wake, ntchito ya usiku itatha, atakhala yekha m'malo odyera owala mopitirira, akudikira basi yoyamba. Zaka zinayi zonsezo mnyamatayo ankangoti pafoni, "Kuno zili bwino, achimwene," ndipo iye ankakhulupirira, chifukwa kukhulupirira kunkamupatsa ufulu wokwiya.

Pambuyo pake adadzamva mmene chimbalecho chidapangidwira. Chidatuluka mu Novembala 2007 pansi pa kampani yaing'ono ya Hyperdub. Mwini wake adabisa dzina mpaka mu 2008, pamene chidasankhidwa kupikisana nawo pa Mercury Prize, ndiye adaulula kuti ndi William Bevan wa kumwera kwa London. Adagwiritsa ntchito Sound Forge, pulogalamu yongodulira mawu, ndipo kugunda kulikonse ankakuika ndi dzanja poyang'ana ndi diso, popanda makina omuwongolera nthawi. Kutsimphina kuja kudachokera pamenepo. Mphunzitsiyo adazindikira kuti thukuta limene ankalifuna lidalimo ndithu, kungoti iye sadalizolowere fungo lake.

Sadapepese, ndipo mng'ono wake naye sadapepese. M'banja lawo zotere sizinenedwa. Adangotumiza uthenga wa pafoni: "Chija ndamva, mphwanga. Tumiza china."

China chimene chidabwera, chaka chisadathe, chidamuseketsa yekha m'nyumba. Idali CD yojambulidwa pakompyuta, yolembedwa ndi cholembera chakuda, ndipo itangoyamba adamva Chichewa. Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu n'kukulira ku Lilongwe, ankagulitsa katundu wakale m'kasitolo ku Hackney pamene Etienne Tron wa ku France adalowamo kudzagula njinga. Tron ndi mnzake Johan Karlberg wa ku Sweden ankapanga nyimbo pansi pa dzina la Radioclit, ndipo atatuwo adakhala The Very Best. Pa nyimbo zimene adagawa ulere mu 2008, Mwamwaya adayimba pamwamba pa nyimbo za ena: Paper Planes ya M.I.A. idasanduka Tengazako. Mu 2009 adatulutsa chimbale chenicheni, Warm Heart of Africa, mmene adayimbamo limodzi ndi M.I.A. yemweyo ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend. Dzina la chimbalecho mphunzitsiyo sadalikonde, poti ndi mawu oitanira alendo odzaona nyanja, ndipo nyimbo zina adaziona zotsekemera mopyola. Koma mawu a Mwamwaya adawazindikira msanga: adali mawu a munthu wotsogolera nyimbo, woponya kuti ena alandire, monga amachitira pamaliro ndi paukwati, kungoti olandirawo tsopano adali makina. Chidamugwira mtima kwambiri chidali chimene mng'ono wake adalemba pakapepala, chakuti adapita kukawaonera ndipo azungu mazanamazana ankavina osamva liwu ndi limodzi lomwe, iye yekha pakati pawo akumva zonse. Mkuluyo adaganiza kuti naye adamvera Burial chimodzimodzi, osatola mawu koma osaphonya nkhani.

Adapita nacho kuchipinda cha aphunzitsi. Palibe amene adali atamvapo za gululo. Mphunzitsi wa masamu adamvera nyimbo imodzi ndi theka, nati, "Si zathu izi," n'kubwerera kumpira. Zidamuwawa kuposa mmene ankayembekezera, ndipo m'pamene adadziwa chimene iye mwini adakhala akumuchita mng'ono wake zaka zonse zija. Munthu akakupatsa chimbale chimene wachikonda amakhala wakuonetsa chipinda chake chogona, ndipo ukangoti "phokoso" amatseka chitseko mwakachetechete.

Mu 2010 kudabwera Shangaan Electro, nyimbo zothamanga modabwitsa za Nozinja ndi anzake, zochokera ku Limpopo ndi ku Soweto, zosonkhanitsidwa ndi sitolo ya Honest Jon's ya ku London. Chidamudandaulitsa n'chakuti nyimbo za anansi, kumene anyamata a ku Zomba amapitako pabasi mlungu ndi mlungu, zidayenera kuyamba zakazungulira ku Portobello Road kuti zimupeze.

Kenaka zimbale zogwirika zidayamba kutha, ndipo namwino uja adasiya kunyamula maphukusi. Foni idayamba kumusankhira nyimbo yokha, molingana ndi zimene wamvera dzulo. Sinkalakwitsa kawirikawiri, koma sidamupatsepo chinthu choti achiponye m'kabati miyezi itatu. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mwana wake wamkazi adamumvetsera I Am the King of Amapiano: Sweet & Dust ya Kabza De Small. Adadikira nthawi yaitali kuti nyimbo iyambe, osadziwa kuti yayamba kale, mpaka idagwa ng'oma yakuya ija imene amaitcha log drum. Usiku womwewo adatumiza ku London. Kadali koyamba m'zaka 16 kuti nyimbo iyende kuchokera kwa iye. Yankho lidabwera m'bandakucha, nthawi yopuma ya ogwira ntchito usiku: "Achimwene, mwayamba liti zimenezi?"

Malamulo a ku Britain amalola munthu amene wakhalako zaka 20 mosadukiza kupempha chilolezo, ngakhale adakhalako wopanda mapepala. Mng'onoyo adakwanitsa zakazo mu 2024, ndipo chaka chotsatira adatsika ndege ku Chileka ali ndi imvi. Tsiku lachiwiri adanyamuka kupita ku Jali kukaona manda. Galimoto ya mkuluyo, poti ndi yakale, ikadali ndi poika CD, ndipo iye adali atakonzeratu. Atangodutsa msika adatulutsa chikuto chotuwa chija, chong'aluka pakona.

Mng'ono wake adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chimenecho musaike, achimwene."

"Bwanji sudalembe kalata nthawi ija?"

"Ndidalemba zitatu."

Mkuluyo adachibwezera m'kabokosi ka patsogolo, natsitsa galasi. Msewu udali wafumbi, ndipo adayenda pang'onopang'ono kuseri kwa njinga yonyamula matumba a makala.