ZIMPHONA ZA MPWEYA NDI ZIMPHONA ZA MAKOKO

Anzanga ena m'magazini ino alemba za mpira, ena za ulendo wokwera phiri, ndipo enanso adandaula za nyemba za Lolemba. Ine ndapempha malo kwa akonzi kuti ndinene za ntchito ina imene sitiiphunzira m'kalasi, ndiyo yopanga zifanizo zazikulu za anthu ndi nyama zoti ziimikidwe pa mabwalo, m'zionetsero ndi pa zikondwerero. Masiku ano amisiri a maiko akutali apanga zifanizo zotere ndi chinthu choyera chopepuka chimene ife tichiponda tsiku ndi tsiku pa msika wa kwathu ku Limbuli, osachiyesa kanthu konse.

Chinthucho muchidziwa nonse. Munthu akagula wailesi, fuliji kapena zipangizo za sola, potsegula katoni apeza katundu wake atazingidwa ndi zidutswa zoyera zonga siponji, koma zouma, ndipo ukazithyola mutuluka timibulu tonga mapira. Dzina lake la m'mabuku ndi polystyrene. Amalonda a ku Milange, amene aoloka mtsinje wa Muloza ndi matumba a chimanga pa njinga, achitcha esferovite m'Chipwitikizi. Ena angoti fomu, koma dzina limeneli ine ndilipewa, kuopa kuti a Fomu 1 angayese ndikunena iwo. M'nkhani ino ndichitcha siponji youma.

Aphunzitsi athu a sayansi adatiuza kuti siponji imeneyi ichokera ku mafuta a pansi pa nthaka, monga mapulasitiki ena onse. Amene adapeza njira yoipangira ndi Fritz Stastny wa kampani ya BASF ku Germany, cha m'ma 1950. Atenga timibulu tolimba ta pulasitiki tokhala ndi mpweya wina m'kati, natitenthetsa ndi nthunzi, ndipo tifufuma monga chimanga chisanduka mbuliwuli mu mphika. Pambuyo pake atipanikiza m'chikombole kuti tigwirane, ndipo mutuluka chigulumwa chachikulu ngati kabati. Pa magawo 100 a chigulumwa chimenecho, magawo 98 ndi mpweya wokhawokha.

Tsono n'chifukwa ninji amisiri aikonda? Yankho lili m'masamu a Fomu 2. Tinene kuti mwaumba njovu yadothi yotalika masentimita 30, yolemera makilogalamu 5, ndipo wina afuna njovu yomweyo koma ya mamita 3. Msinkhu wakula kakhumi, inde, koma m'lifupi ndi m'litali namonso mwakula kakhumi, kotero kuti kulemera kwakula ka 1,000. Njovu yanu yadothi yafika makilogalamu 5,000, ndipo palibe ngolo ya ng'ombe imene ingaisenze. Mukati muiseme pa mwala wonga wa phiri lathu la Mulanje, vuto lingokula, pakuti mwala wa mita imodzi mbali zonse ulemera makilogalamu oposa 2,500. Koma siponji youma yofanana kukula ndi mwalawo ilemera ngati makilogalamu 20 okha. Chotero njovu ija ikasemedwa pa siponji ikhala ya makilogalamu 60 kapena apo, kulemera konga kwa ine ndemwe.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere. Mwini chifanizo, kaya ndi katswiri wa zojambula, kaya ndi eni nyumba ya zionetsero, ayamba waumba kachitsanzo kakang'ono. Amisiri akayesa mbali zonse nakulitsa miyeso. Kale ankachita zimenezi ndi chingwe ndi rula, koma lero ambiri ajambula kachitsanzoko ndi makina amene apereka maonekedwe ake onse ku kompyuta. Kompyutayo igawa chifanizo m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chidulidwa pachokha, mwina ndi waya wotenthetsedwa ndi magetsi amene alowa m'siponji monga mpeni ulowa mu papaya wakupsa, mwina ndi makina osema. Atatha apo alumikiza zigawozo ndi guluu pa mafupa achitsulo, popeza siponji payokha singalimbane ndi mphepo. Makwinya a nkhope, ubweya ndi zina zing'onozing'ono amaliza ndi manja, ndi mpeni ndi tupa. Pomaliza amata pamwamba ponse chikopa cholimba cha utomoni kapena cha simenti yopyapyala, napaka penti kuti chioneke ngati mwala, mtengo kapena mkuwa. Chikopacho chiteteza siponji ku dzuwa ndi ku zala za ana, ndiponso ku penti yemweyo, chifukwa penti wina aisungunula. Anyamata a ku msika aidziwa bwino nkhani imeneyi, pakuti iwo asungunula siponji youma m'petulo napanga phula lomatira zidebe zobooka.

Ambiri a ife taonapo ntchito ya amisiri amenewa osazindikira. Chimwala chimene ngwazi ya m'kanema inyamula ndi kuponyera adani ake, ife nkumaomba m'manja, nthawi zambiri ndi siponji yopaka penti. Zinyama ndi zimitu zazikulu zimene zikwera pa magalimoto pa chikondwerero cha Carnival ku Rio de Janeiro zisemedwa pa chinthu chomwechi. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma umu m'kati mulibe ngakhale nyerere, muli mpweya basi.

Pa tchuthi cha chilimwe ndidafuna kuyesa ndekha. Ndidapempha zidutswa kwa bambo wina wogulitsa zamagetsi pa msika, amene adakondwa kuti ndamchotsera zinyalala. Ndidamangirira waya woonda pa nthambi yopindika ngati uta, ndi kumautenthetsa pa mbaula ya amayi, ndipo masiku atatu ndidatha kanjovu kofika m'bondo. Ana a m'mudzi adakanyamula ndi dzanja limodzi nathamanga nako mpaka ku chitsime. Agogo anga aamuna, amene aluka madengu ndi nkhokwe, adakazunguza m'manja nthawi yaitali, nati, "Mdzukulu wanga, kopepuka ndithu. Koma kupepuka kokha si nzeru yachilendo ayi. Kodi sudaone zimene apanga anzathu Achewa ndi nsungwi?"

Ndidaziona, pakuti azakhali anga adakwatiwa ku Dedza, ndipo ndili kumeneko kudachitika mwambo wa maliro a munthu wamkulu. Za ku dambwe si zanga kuzinena, ndipo ndingonena zimene aliyense aona ndi maso pa bwalo. Kudatuluka Kasiyamaliro, chilombo cha maonekedwe a nyama ya m'tchire, chachitali koposa munthu, cha msana wopindika bwino ngati bwato, thupi lonse lolukidwa ndi makoko a chimanga oyera mbee. Chidali chachikulu, koma chidazungulira pa bwalo mofulumira, fumbi lili koboo, osaoneka kulemera konse. Ziliponso zina monga Njovu, ndi Chimkoko chimene chitalika ngati basi. Amene afuna kuona nkhope za Gule Wamkulu angapite ku Mua, ku Kungoni, malo amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, kumene zisungidwa mazanamazana. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti gule ameneyu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Pamene ndidalingalira mau a agogo ndidaona kuti nzeru ndi imodzi. Mmisiri wa siponji ndi mmisiri wa makoko onse adziwa kuti chinthu chachikulu sichiyenera kukhala chodzaza m'kati. Onse aika mafupa olimba m'kati, uyu achitsulo, uyo a mitengo yowanda ndi nsungwi, ndipo kunja aphimba ndi chopepuka chimene chinyenga diso. Onse agwira ntchito m'gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo onse apangira anthu ena pa tsiku loikika, kotero kuti kuchedwa sikuloledwa.

Pali kufanana kwinanso kumene kudandidabwitsa. Mu mzinda wa Valencia ku Spain muli chikondwerero chotchedwa Fallas, chimene chichitika mwezi wa Malichi chaka ndi chaka. Anthu a dera lililonse la mzinda asonkha ndalama nalemba amisiri kuti awapangire zifanizo, zina zotalika koposa nyumba ya nsanjika zisanu, zambiri zoseka andale ndi anthu otchuka. Amisiri agwira ntchito pafupifupi chaka chathunthu, zifanizo ziima m'misewu masiku owerengeka, ndipo usiku wa pa 19 Malichi, tsiku la Yosefe Woyera, azitentha zonse, ozimitsa moto ataima pafupi ndi mipope yao. Angopulumutsa tizifanizo tochepa timene anthu asankha, natisunga m'nyumba ya zionetsero. Chikondwerero chimenechi nachonso chidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2016. Tsono amene adalemba za miyambo ya Achewa anena kuti zilombo zolukidwa zija nazonso zitenthedwa mwambo ukatha. Taonani, anthu awiri otalikirana chotere, osadziwana, onse agwirizana kuti chifanizo chikatha ntchito yake chipite.

Koma apa ndi pamene njira zisiyana. Makoko ndi nsungwi zikapsa zisiya phulusa, ndipo phulusa ndi chakudya cha nthaka. Kale a ku Valencia nawonso ankapanga zifanizo zao ndi matabwa ndi mapepala olimba. Pamene adatembenukira ku siponji youma, chifukwa isemeka msanga ndipo ilola zifanizo zazikulu koposa, moto wao udayamba kutulutsa utsi wakuda bii wonunkha, kotero kuti eni mzinda ambiri adandaula, ndipo akatswiri a kumeneko ayesa kupanga chosemera china ndi mapesi a mpunga ndi utuchi. Iwo ali kufunafuna ndi ndalama zambiri chinthu chonga chimene ife titaya kuseri kwa nkhokwe chaka chilichonse tikatha kukolola.

Siponji ikapanda kutenthedwa vuto likhala lina, ndilo lakuti siola. Pa dzala la kwathu makoko a chaka chatha adasanduka kale dothi lakuda, ndipo pamera maungu. Koma zidutswa za siponji zimene mphepo idabwera nazo kuchokera ku msika zikali zoyera monga tsiku loyamba, zingonyenyeka kukhala timibulu timene nkhuku zitola poyesa chakudya. Mvula ikagwa pa Limbuli, ngalande zitenga timibuluto, ndipo popeza tiyandama tipita ku Muloza, ku Ruo, mpaka ku Shire. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019. Izi zisonyeza kuti dziko lathu layamba kufunsa za chinthu chilichonse funso limene mmisiri aliyense ayenera kudzifunsa asanagwire mpeni: kodi chimene ndipangachi chidzapita kuti chikondwerero chikatha?

Musandimve ngati ndikunyoza siponji youma. Ili ndi malo ake. Chifanizo choti chikhale zaka zambiri m'nyumba ya zionetsero, kapena choti chiyende pa lole kuchoka mzinda uno kupita wina, chiyenera kukhala chopepuka, chosafumbwa ndi chosadyedwa ndi nkhungu, ndipo pamenepo makoko sangathe. Dziko lathu lifuna amisiri a zifanizo zokhalitsa. Ku Karonga, m'nyumba yosungira mbiri imene idatsegulidwa mu 2004, alendo apita kukaona chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chidakhala m'dziko lino zaka mamiliyoni zapitazo. Kodi n'chifukwa ninji mwana wa ku Mulanje sangadzapange zotere, mkungudza wa pa phiri wa msinkhu wake weniweni, kapena phiri lonse ndi nsonga ya Sapitwa, kuti ana a ku Nsanje ndi ku Chitipa alione? Koma chifanizo cha tsiku limodzi, cha pa masewera kapena pa chikondwerero, chipangidwe ndi chinthu chimene nthaka ingachilandire. Mmisiri wanzeru adziwa zonse ziwiri, nasankha.

Chimene chindimvetsa chisoni ndi chakuti ambiri a ife tiyesa ntchito ya manja ngati chilango. Tonse tifuna kudzakhala pa mpando mu ofesi, ndipo mnzathu akatenga mpeni ndi nsungwi timseka kuti sukulu yamkanika. Komatu taona kuti kukulitsa njovu kufuna masamu, kusankha penti kufuna sayansi, ndipo kuimika chimphona kuti chisagwe ndi mphepo ya Chiperoni kufuna nzeru yomwe ija ya omanga milatho. Agogo anga sadalowe m'kalasi, koma nkhokwe yao ya matumba 20 siidagwepo.

Chifukwa chake ndipempha a Hedimasitala ndi aphunzitsi athu kuti atilole kuyambitsa kagulu ka zosema ndi zoumba, kokumana Loweruka masana, ndiponso kuti tiitane mmisiri mmodzi wa madengu wa m'midzi yozungulira sukulu adzatiphunzitse kupinda nsungwi. Zilombo za mwambo tizisiyire eni ake, si zoseweretsa. Ife tingayambe ndi tambala wa mamita 2 woti adzaime pa chipata pa tsiku la makolo, mafupa a nsungwi, nthenga za makoko, ndipo lipombo ndi mlomo tidzaseme pa zidutswa za siponji zotola, zimene tidzazisunga kuti zidzagwirenso ntchito chaka chamawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene afuna kulowa nawo alembetse kwa akonzi a magazini ino, ndipo pobwera ku tchuthi aliyense atenge thumba limodzi la makoko.