Lamba wa Dengu la Amayi

Amayi anga ali ndi mizere iwiri yakuda pamapewa, wina kumanja wina kumanzere. Ndili mwana ndinkaiona akavula bulauzi kuti asambe, ndipo ndinkaganiza kuti munthu wamkazi aliyense akakula amakhala nayo, popeza azakhali anali nayo, amayi a khomo loyandikana nalo analinso nayo. Ndinkadziwa ndithu kuti ndi zingwe za dengu lothyolera tiyi zimene zimadinda pamenepo, koma ndinkaona ngati ndi mmene zinthu zilili basi, monga matope a mu January. Ndinafika Fomu 3 ndisanaganizepo kuti dengulo alipo munthu amene analikonza, ndipo kuti likhoza kukonzedwa mwina.

Ndinakulira ku komboni ya esiteti ina ya tiyi m'boma la Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, pafupi ndi malire a Mozambique. Agogo aamuna anachokera ku Mulanje ali mnyamata, atadziwa kale ntchito ya tiyi, monga Amalawi ena ambiri amene anatchona m'maesiteti a ku Chipinge ndi ku Honde Valley. Kuno tiyi anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1920 pa famu ya New Year's Gift, mbewu zake zochokera ku Assam ku India. Kunyumba tinkalankhula Chichewa, pabwalo Chindau, m'kalasi Chingerezi ndi Chishona. Anzathu akafuna kutinyoza ankatitcha maBhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, mzinda umene ambiri a ife sitinaupondemo.

Chaka cha 2017 boma linayamba kuphunzitsa silabasi yatsopano, ndipo phunziro limene akuluakulu ankalidziwa kuti Woodwork linakhala Wood Technology and Design. Ine ndinalitenga, ndipo amayi sanakondwe.

"Ine ndikunyowa ndi mame tsiku ndi tsiku kuti iwe udzagwire cholembera," anatero. "Tsono ukuthamangira sowo?"

Mawu awo anali ndi pochokera. Nthawi ya Rhodesia kunali sukulu za sekondale zotchedwa F2, kumene ana akuda ankaphunzitsidwa ntchito zamanja, pamene ochepa okha ankapita ku sukulu za F1 kukaphunzira zamabuku. Anthu anazida sukulu za F2 chifukwa zinkaoneka ngati njira yowakonzekeretsa kukhala antchito a azungu mpaka kalekale. Zinathetsedwa dziko litalandira ufulu mu 1980, koma fungo lake linatsalira. Kwa amayi, mwana wogwira puleni kusukulu anali mwana amene aphunzitsi amutaya.

Chodabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa Fomu 3, mu 2018, puleniyo sitinaigwire n'komwe. Aphunzitsi athu anatseka kabati ya zipangizo, makiyi n'kuika m'thumba. Anatiuza kuti aliyense akayang'ane kwawo n'kubwera ndi vuto limodzi lolembedwa papepala. Tinang'ung'udza. Ife tinkafuna kukhoma timipando ndi timatebulo toti tikaonetse kunyumba. Iwo anati mmisiri wongokhoma zimene wauzidwa ndi wofunika, koma chaka chimenecho tiphunzira zimene zimachitika thabwa lisanadulidwe.

Analemba ndondomeko pabolodi. Poyamba umafotokoza vuto monga lilili. Kenako umalemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena zimene ukufuna kupanga, chimene amachitcha design brief. Ukatero umafufuza, n'kulemba mfundo zimene chinthucho chiyenera kukwaniritsa: kukula kwake, kulemera kwake, mtengo wake, zopangira zake. Umajambula maganizo osachepera atatu osiyana, n'kusankhapo amodzi ndi kupereka zifukwa. Umajambula chithunzi cha miyeso, choonetsa chinthucho kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, choti mmisiri wina akhoza kupangira osakufunsa kanthu. Umapanga choyeserera, umachiyesa, pomaliza umalemba chilungamo ngati chagwira ntchito kapena ayi. Mapepala onsewa amasungidwa mu folio, ndipo anatichenjeza kuti pepala lolakwika silitayidwa.

Mnzanga wina anabwera ndi nkhani ya mbewa zodya chimanga, wina ya nyali yosowa poikhazika powerenga usiku. Ine ndinalemba za mapewa a amayi. Chiganizo changa chinali chakuti ndipange chothandizira kunyamula dengu la tiyi popanda kupweteka mapewa. Aphunzitsi anachiwerenga kawiri n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Gawo la kufufuza ndinalidutsa mothamanga. Ndinayeza msana wa amayi ndi tepi usiku wina akupakula nsima, ndinayeza dengu, ndinaona zithunzi za zikwama za anthu okwera mapiri pa foni ya mnzanga. Basi ndinati ndadziwa. Ndinajambula felemu ya matabwa a paini yokhala ngati kamakwerero, yokhala ndi siponji kumsana, malamba awiri a zomangira zachitsulo, ndi kashelefu pansi kokhazikapo dengu. Ndinataya masabata atatu ndikuipanga. Mfundo zake ndinazisema bwino moti sikweya sinapeze cholakwa. Ndinaikwecha ndi sandipepa, n'kuipaka vanishi kawiri. Anzanga ankabwera kudzaisisita.

Amayi anailandira ndi manja awiri. Anaitembenuza, anati, "Yokongola, mwanangu." M'mawa mwake anaiberekera n'kupita nayo kumunda.

Nditabwera kusukulu ndinaipeza itatsamira pakhoma, siponji ili nyowe, ikudontha. Amayi anali khale pamkeka, akudzisisita khosi. Sanandikalipire. Azakhali ndi amene anandiuza kuti felemuyo anaivula dzuwa lisanakwere, ndipo tsiku limenelo makilogalamu awo anachepa kwambiri. Wothyola tiyi amadya za pasikelo. Masamba akachepa, ndalama ya mwezi imachepanso, ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe inkandilipirira fizi. Ine ndi vanishi wangayo ndinali nditawadyera tsiku.

Ndinapita kwa aphunzitsi ndili ndi mkwiyo, ndikuti anthu akale safuna zatsopano. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Kodi amayi ako unawaonapo akuthyola tiyi?"

Ndinati ndinabadwira m'tiyi momwemo.

"Sindinafunse kumene unabadwira. Unaimapo n'kuwayang'ana kuyambira m'mawa mpaka pasikelo? Dengulo unaliberekapo lodzaza?"

Ndinakhala chete. Anatsegula folio yanga pa tsamba la kufufuza. Panali miyeso isanu ndi chithunzi cha chikwama cha mzungu. Panalibe liwu limodzi lochokera pakamwa pa amayi. Agogo aakazi atamva nkhaniyi anangoti safunsa anadya phula, n'kupitiriza kusenda nyemba zawo.

Loweruka lotsatira ndinapempha a kapitawo kuti nditsagane ndi amayi. Kunali kamvula kowaza ndi nkhungu, kamene kuno amati guti ndipo agogo ankati chiperoni. Ndinaima pamzere, kope lili m'pepala la pulasitiki. Mitengo ya tiyi imadulidwa kuti pamwamba pake pakhale posalala ngati tebulo lofika m'chiuno, ndipo imathinana moti munthu amachita kudzikankha kuti adutse. Wothyola amawerama pang'ono, manja onse awiri akutsina masamba awiri ndi kansonga. Manja akadzaza amaponya kumbuyo kudzera paphewa, osacheuka. Dzanja limadziwa lokha pamene pali kamwa la dengu.

Pomwepo ndinaona zimene ndinalakwa. Kashelefu kanga kanakweza dengu, choncho masamba ankagunda m'mphepete n'kugwera pansi. Felemu inali yotambalala, inkakola nthambi pa sitepe iliyonse. Siponji inkamwa mame n'kumalemera. Zomangira zachitsulo zinkachedwetsa kutula dengu pamzere wa sikelo pamene ena akudikira kumbuyo. Ndiponso matabwawo pawokha anali katundu wowonjezera pamsana womwewo umene ndinkati ndikuuthandiza.

Ndinaonanso china chimene chinandichititsa manyazi koposa. Panalibe dengu limodzi lokhala monga linabwerera. Mayi wina anakulunga zingwe ndi chitenje chakale. Wina anasokerera chidutswa cha chubu cha tayala. Wina anapinda thumba la feteleza n'kuliika pakati pa msana ndi dengu kuti madzi asamulowe. Gogo wina anamanga kachingwe m'chiuno kuti dengu lisamagwedezeke potsetsereka. Ntchito imene ine ndinkaiphunzira ndi mawu a Chingerezi, iwo anaiyamba kalekale ndi singano ndi nsanza, ndipo aliyense ankatha kufotokoza chifukwa chake.

Masana amayi anandiberekesa dengu lodzaza kuti ndikafike nalo kusikelo. Sipanali patali, koma ndinafika zala zitachita dzanzi. Chingwe chopyapyala chimaunjika kulemera konse pakamzere kamodzi, chifukwa chake chimacheka. Zimenezi tinaziphunzira mu sayansi, kuti mphamvu yomweyo ikagwera pamalo aang'ono imapanikiza kwambiri, ndipo ndinakhoza pamayeso. Tsiku limenelo ndi limene ndinazimvetsa.

Pobwerera tinakwera kamtunda kamene kunja kukayera munthu amaona nkhalango ya Chirinda. Dzina limeneli m'Chindau amalimasulira kuti malo oonerapo patali, ndipo limamveka ngati chilindo chathu cha kumunda, chimene munthu amakhalamo kuyang'anira mbewu. Amishonale a ku America atakhazikitsa mishoni pamenepo mu 1893 analitchula kuti Selinda, ndipo Mount Selinda inatchuka ndi kuphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi ulimi. Emory Alvord, amene pambuyo pake anatsogolera ntchito ya alangizi a zaulimi m'dziko lonse, anayambira pomwepo mu 1919. M'nkhalangomo muli mtengo wotchuka wotchedwa Big Tree, wotalika pafupifupi mamita 60. Agogo aamuna atauona koyamba akuti anaseka, nati, "Uwu ndi mbawa, kwathu uliko." Ndinakumbukira zimenezi tsiku lija chifukwa dera lathu laphunzitsa anthu kusema matabwa kwa zaka zoposa 100, koma dengu la amayi linali likadali ndi zingwe zocheka.

Ndinayambiranso. Nthawi ino mfundo zofunika tinalemba awiri ndi amayi, iwo akunena ine ndikulemba. Chisakweze kamwa la dengu ngakhale pang'ono. Chisatambalale kuposa dengu. Chisamwe madzi. Chivulike ndi dzanja limodzi. Chipangidwe ndi zinthu zopezeka pa komboni, ndipo chikaduka munthu athe kuchisoka yekha. Mfundo yomaliza anaiwonjezera akuseka: chisaoneke chachilendo, anzawo angawanene kuti akudzionetsa.

Choyeserera choyamba ndinachipanga ndi katoni ndi masaka, sindinkafunanso kutaya masabata pa chinthu chosayesedwa. Kenako ndinapeza malamba a mipando ya galimoto yakufa kwa makaniko wina ku Chipinge. Ndi otambalala, olimba, ndipo amauma msanga. Kumbuyo kwa dengu ndinamangirira timizere tiwiri ta nsungwi ndi kathabwa kopyapyala kopingasa, kuti dengu lisamapindike n'kumabaya msana. Pa kathabwako ndinalumikiza lamba wa m'chiuno, pakuti chiuno chimasenza katundu bwino kuposa mapewa. Mayi wobereka mwana amazidziwa zimenezi popanda buku.

Tinayesa katatu. Koyamba malamba ankatsetsereka paphewa, tinawasendeza kuti ayandikane kumsana. Kachiwiri nsonga ya nsungwi inang'amba bulauzi, ndinaizunguliza n'kuikuta ndi mphira. Kachitatu amayi anabwera atadula chomangira changa cha m'chiuno, n'kuikapo chidutswa cha chitenje chomanga fundo imene amaimasula ndi chala chimodzi. Ndinafuna kudandaula, koma nditayesa ndinapeza kuti chawocho chinali chofulumira. Ndinachijambula mu folio n'kulemba kuti ganizoli ndi la wogwiritsa ntchito.

Aphunzitsi ataona chomalizacho anaseka, nati m'kalasi ya matabwa ndabweretsa chinthu chokhala ndi kathabwa kamodzi. Malikisi a ntchito yamanja anandipatsa ochepa, ndipo zinali zoyenera, popeza panalibe luso la ukalipentala loti aliyeze. Pa folio anandipatsa ambiri, makamaka pa masamba ofotokoza kulephera kwa felemu ija. Anauza kalasi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mwambi umene anaupempha kwa ine kuti ndiwaphunzitse m'Chichewa, ndipo anautchula mokhota moti kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Sindinganame kuti lamba ameneyu anasintha moyo wathu. Mtengo wa kilogalamu sunakwere chifukwa cha iye. Msana wa amayi umawawabe, ndipo mizere ya pamapewa ija sidzafufutika. M'maesiteti ambiri ntchito yothyola ikulowedwa ndi masizasi ndi makina, ndipo amene amapanga zida zimenezo ali kutali. Ndimadzifunsa ngati anaimapo pamzere wa tiyi kukugwa guti, n'kufunsa mayi wothyolayo zimene akufuna. Zimene ndingachitire umboni n'zochepa. Amayi anasiya kundituma madzi otentha othowera mapewa madzulo aliwonse, ndipo isanathe nyengo imeneyo madengu ena atatu pa komboni anali ndi malamba a galimoto, lililonse losokedwa mosiyana ndi langa.

Za cholembera ndi sowo sitinakanganenso. Tsiku lina ndinawamva akuuza azakhali kuti phunziro langa lija n'lojambula kwambiri kuposa kudula, ndiye palibe vuto. Sindinawatsutse.

Felemu ya paini ikadalipo. Amayi anaikhomera pakhoma la kukhitchini, ndipo pa kashelefu kaja amaikapo mchere, machesi ndi chitini cha masamba a tiyi. Alendo akaiyamikira amayankha kuti anapanga ndi mwana wawo kusukulu. Chimene inapangidwira sanena.