Cithunzi ca Phewa la Azakhali

Kwathu kuno ku Nkhotakota mkono wa munthu wamkazi supuma. Ndiwo umasenza beseni la usipa, kusinja cinangwa ca kondowole ndi kupuntha mpunga. Cifukwa cace ndifuna kukuuzani, anzanga, za mkono wina umene unakana kukwera.

Azakhali anga anadwala khansa ya bere, ndipo anakawacita opaleshoni ku Lilongwe. Madokotala anacotsa berelo pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Bala linapola bwino, koma patapita miyezi itatu phewa linauma gwa! Ngakhale kumanga duku kunawakanika. Ena m'mudzi anati matenda alowa m'mafupa, ena nanong'ona za ufiti. Azakhali analeka kudya cifukwa ca mantha.

Pa chuthi ndinawaperekeza ku cipatala. Poyamba anawajambula ndi X-ray, ndiko kuwala kosaoneka kumene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anakutulukira m'caka ca 1895. Kuwalako kumapyola mnofu koma fupa limakuchinga, motero mafupa amaoneka oyera pa cithunzi. Dokotala anafuna kuona ngati khansa yadya fupa, pakuti khansa ya bere imakonda kuthawira m'mafupa. Anayang'anitsitsa, ife mitima ili m'mwamba, nati mafupa ali bwino-bwino. Pambuyo pace anawapima ndi sikani, yonga ija amapimira amai oyembekezera. Iyo imatumiza m'thupi mau osamveka ndi khutu, ndipo pobwerera mauwo amaonetsa minyewa. Panalibe cong'ambika.

Tsono cinabvuta nciani? Dokotala anati mfundo ya phewa inakutidwa ndi kathumba, ndipo mkono ukakhala nthawi yaitali osagwedezeka cifukwa coopa ululu, kathumbako kamakhuthala ndi kufinyika. Cipsera naco cimakoka khungu. Anawapatsa mankhwala ocepetsa ululu, nawaphunzitsa kukweza zala pa khoma m'mawa ndi madzulo, monga akwerera buluzi.

Ine nchito yanga inali kulemba ndi khala pamene zala zafika. Mzere unakwera pang'ono-pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo lero azakhali amayanika okha usipa pa thandala.

Cithunzi sicinawaciritse ai, koma cinacotsa mantha amene anawamanga koposa phewalo. Anzanga, amai kapena agogo anu akadandaula phewa atacitidwa opaleshoni yotere, musawalole kubisa mkono m'nsaru. Apite akaonedwe msanga.

Mtsikana wa Fomu 3